Mbale Kapena M'bale

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri, ngakhale kunena zoona sindinaone tulo. Amuna tonse tinagona panja kuzungulira chitsa cha moto, ndipo m'nyumba amayi anali atatopa ndi kulira, akungong'ung'udza nyimbo. Munali mu Novembala wa 1958, kwathu kufupi ndi Mkaika. Amene tinkawalirawo anali akulu anga, m'bale wanga yekhayo wa bere limodzi.

Ine ndinkagwira ntchito m'sitolo ku Sinda, ndipo uthenga unandipeza atatsirizika kale. Nditafika dzulo lake, anthu ankandipatsa moni mondiyang'anitsitsa, mpaka malume ananditengera kuseri kwa nkhokwe. Anati akulu anga analankhula asanamwalire, koma mawu anali atadyeka ndi chifuwa chimene anabwera nacho ku migodi ya malasha ya ku Wanki. Pambali pawo panali anthu awiri. Alamu anga, akazi awo, anamva kuti, "Mbale yanga isatsale." Azakhali anamva kuti, "M'bale wanga asatsale." Azakhaliwo sasunga mawu m'kamwa, choncho pofika madzulo mudzi wonse unadziwa kuti womwalira waitana mng'ono wake.

Ndinachita mantha, sindibisa. Ndinaphunzira mpaka Sitandade 4 ndipo nkhani zotere ndinkaziseka, koma m'mawa umenewo kuseka kunandithera. Ku Sinda ndinasiya mkazi ndi khanda la miyezi iwiri. Ndinagwiritsa mawu a alamu ndi manja awiri, chifukwa a azakhali anali imfa yanga.

Mbale zimene alamu ankanena sizinali zodyera. Akulu anga anabwera ku Wanki ndi galamafoni, ndipo anali munthu wopenga ndi nyimbo. Chaka chilichonse pa Khirisimasi ankaiika pakhonde, kupukusa chogwirira, n'kuliza mbale zonse zimene anagula chaka chimenecho. Akamaliza ankaweruza ngati ali pabwalo la milandu, kutchula imene yapambana, n'kulemba mtanda wa choko pa pepala lake. Ukatsutsa ankati makutu ako ndi okongoletsa mutu chabe. Chaka chimenecho imfa inafika Khirisimasi isanafike. Malume atafunsa alamu kuti mbale yake ndi iti, iwo anangoti ndi ya chaka chino.

Kutacha, amayi anakoleza moto pa mafuwa kuseri kwa nyumba, utsi n'kuyala pansi chifukwa kunalibe mphepo. Anthu anayamba kufika, ena pa njinga kuchokera ku Katete, ena wapansi kuchokera kumalire kwa Apwitikizi, fumbi mpaka m'mawondo. Amayi ankayamba kulira akafika pa mtengo wa mango, amuna ankavula zisoti. Wosoka zovala wina Msilamu, amene ankagulana masingano a galamafoni ndi malemu, anakhala payekha pamthunzi, osadya kanthu. Nthawi ina utsi unanditsamwitsa ndipo ndinakhosomola kamodzi kokha. Amuna onse amene ndinakhala nawo anasiya kulankhula.

Ndinapempha malume kuti anditulutsire bokosi lachitsulo la mbale. Zisanu zinali ndi mtanda wa choko. Zachaka chimenecho ndinazidziwa, popeza anandiimbira nditabwera kudzacheza mu Julayi, ndipo zinali zitatu. Ina inali ya zitoliro za ku Joni, imene ankailiza akafuna kukwiyitsa akulu a mpingo. Ina ya magitala a ku Kongo. Mawu ake sankawamva, koma ankatimasulira bodza lokhalokha molimba mtima. Yachitatu inali ya munthu wa ku Bulawayo wodandaula yekha ndi gitala. Ndinazitembenuza m'manja, thukuta likudontha. Kukafunsa alamu kunali kosatheka, anali atazunguliridwa ndi amayi pafupi ndi mtembo. Ndinati bola nditenge zonse zitatu, akasankhe okha kumeneko.

Mtembo ukakhala m'manja mwa adzukulu, amene amasambitsa ndi kukumba manda, wachibale sayandikira popanda chilolezo chawo. Mkulu wawo anali munthu wa diso limodzi, wonyoza monga adzukulu amachitira. Nditamupempha kuti aziike m'bokosi, anayang'ana mbalezo, n'kuyang'ana ine.

"Nanga tiike ziti, izi kapena inu? M'bokosimo malo alimo."

Anzake anaseka. Ine ndinayesa kuseka, koma milomo inakana. Iye anati mwambo wake zinthu za womwalira amaziswa pamwamba pa manda. Ndinamuchonderera ngati mwana kuti asaswe, chifukwa akulu anga sankalola ngakhale chala pa mbale zawo. Potsiriza anazilandira, n'kuzilowetsa pansi pa bulangete, pafupi ndi dzanja lamanja. Ndinamva misomali ikukhomedwa, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikireni ndinapuma mpweya wonse.

Tinanyamuka dzuwa litapendeka pang'ono. Kunkatentha koopsa, mitambo yakuda itaunjikana kummawa, mabingu akulira kutali koma osagwetsa dontho. Adzukulu anatsogola ndi bokosi, ife amuna pambuyo, amayi kumapeto akuimba. Pa mphambano yolowera kumanda onyamula anaima mwadzidzidzi. Ndinati basi, akufuna ine, chifukwa amati maliro akakana kuyenda ndiye kuti pali chimene akufuna. Kunali kusinthana mapewa chabe. Komabe ndinaona azakhali akundiyang'ana, misozi ili mbwee, ndipo ndinadziwa kuti akulira awiri.

Kumanda zinayenda mwachangu poopa mvula. Akulu a mpingo anapemphera, malume anathokoza midzi, adzukulu anakwirira n'kuponda dothi. Poponya dothi langa ndinalankhula chamumtima kuti, akulu, mbale zanu ndi zimenezo, ine ndili ndi khanda. Tinasamba m'manja panjira, ndipo mkulu wa adzukulu analengeza kuti manda atsekedwa, asapezeke munthu wobwererako.

Pofika madzulo ambiri anali atapita. Mafuwa anazizira, nkhuku zikupalasa phulusa. M'nyumba munatsala alamu atatsamira khoma ndi azakhali akusinza pamphasa. Malume anandiuza kuti ndimange galamafoni ndi nsalu, ikhale kwa iwo mpaka tsiku lometa. Ndinaitsitsa pa thebulo, n'kutsegula chivundikiro kuti ndichotse singano.

Pamenepo panali mbale. Inali yachinayi, imene sindinaionepo, mizere yake itayera kale chifukwa cholizidwa kwambiri, singano ili pakati pa nyimbo.

Alamu anadzutsa mutu. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analankhula motsitsa kuti azakhali asamve.

"Ndi imeneyo. Anagula mwezi watha, ndiyo ankamvera masiku onse akudwala. Ine ndimayesa mwaitenga, alamu."

Ndinakumbukira mawu a mkulu wa adzukulu, akuti manda atsekedwa. Kunja mvula inayamba kudontha pa udzu. Ndinatseka chivundikiro pang'onopang'ono, ndipo tonse awiri tinayang'ana kukhomo.