Phula la pa Ng'oma ya Amalume

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene ndinayamba kudziyesa katswiri wa ng'oma, ndipo matama angawo anapundula munthu.

Mayi atamwalira ndinkakhala ndi amalume anga, a Lingisoni, m'mudzi wa asodzi kufupi ndi Senga Bay. Manja awo ndiwo ankandidyetsa. M'mawa ankakoka khoka, masana ankaimbira ng'oma amayi ovina chimtali, iwo yaikulu, ine kang'oma kotsatira. Masiku amenewo gule sanali masewera. Mtsogoleri wa dziko akamabwera ku Salima, amayi ankakonzekera milungu yambiri, ndipo wosokoneza gule ankamutenga ngati wonyoza boma.

Pakati pa chikopa cha ng'oma yawo amalume ankamatapo phula lakuda, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana. Ankalikanikiza ndi chala chachikulu, kumenya, kutchera khutu, kenako kuwonjezera pang'ono. Ng'omayo inkalira motsika, du, du, mawu ofupika omvekera m'mimba. Ine ndinkaona ngati ikudwala chimfine.

Tsiku lina nditapita kukagulitsa chambo ku hotela ya m'mbali mwa nyanja, ndinasuzumira pampanda n'kuona bandi ikuyesa zida zake. Ng'oma zawo zapakati zinali zokutidwa ndi pulasitiki woonekera mkati ngati galasi, wosamatidwa kanthu. Zikamenyedwa zinkalira mokweza, mawu n'kumapitirirabe mpaka pamadzi. Ndinafika kunyumba mutu utazungulira.

"Amalume, phulali likutsamwitsa ng'oma. Tilichotse kuti imveke mpaka kuboma."

"Iwe Fanuwelo, ukufuna yokomera iweyo," anatero osandiyang'ana n'komwe. "Amayi aja amaponda pamene yatsikira ng'oma yangayi. Usaikhudze."

Ndinaikhudza. M'mawa wa tsiku lokonzekera komaliza gule wolandirira mtsogoleriyo, iwo ali panyanja, ndinapala phula lonse ndi chigoba cha nkhono, n'kuiika ng'omayo padzuwa kuti chikopa chikungike. Ndinainyamula ndekha kupita nayo kubwalo, mtima ukudumpha poganiza mmene anditamandire.

Pabwalo panali atcheya a chipani a dera lathu, atakhala pampando, kumbuyo kwawo kutaima anyamata anayi a malaya ofiira. Amalume anafika mochedwa kuchokera kubwato, nkhafi yawo yopalasira ili m'manja. Anaigoneka pansi, kupana ng'oma pakati pa miyendo, kumenya kamodzi. Inalira keng! Anayang'ana chikopa, kenako ine. Koma Anabanda, mtsogoleri wa gule, anali ataimba kale wezulo.

Ng'oma yawo ndi kang'oma kanga zinkalira mofanana, ndipo amayi anasowa popondera. Ena analowera kumanja, ena kumanzere, n'kugundana. Mayi wina wonenepa anagwa chagada, nsalu ya chipani n'kumasuka. Ana amene ankaonerera anafa nako kuseka.

Atcheya ananyamuka pang'onopang'ono. Anafika pang'oma n'kuloza bwalo loyera limene linatsala pomwe panali phula.

"Wachotsa ndani? Ndani akufuna kuti amayi athu akasekedwe pamaso pa bwana?"

Ndinangomva mkodzo wotentha ukutsetsereka m'mwendo.

"Ndine, bwana," anatero amalume. "Ndimayesa kamvekedwe kena."

Anyamata awiri anawagwira mapewa, wachitatu anakanikiza dzanja lawo lamanja pachikopa, wachinayi anatola nkhafi ija. Anaitsitsa cham'mbali, kuthwa kwake kukugwera pazala. Ndinawerenga kasanu ndi kawiri. Nthawi iliyonse ng'omayo inkalira mokweza, momveka bwino, ndendende mmene ine ndinkafunira. Magazi anayenderera pachikopa n'kudonthera mumchenga. Amalume anakuwa kamodzi kokha, kenako ankangopuma ngati ng'ombe. Atawasiya anawaponda m'nthiti, n'kuuza amayi kuti ayambirenso kuvina ndi kuwomba m'manja. Anabanda anaimba wezulo misozi ikutsika.

Zala zitatu zinapola zitapindika. Khoka anasiya, ng'oma anasiya. Ndinkalakalaka atandikwapula kuti mwina mtima ungapepuke, koma sanandikhudze. Patapita masiku anayi kuchokera tsiku lija anandiitana kukhonde komwe kunali ng'oma ija, dzanja lili m'nsanza, n'kundikankhira phula ndi phazi. Gule uja anali asanachitike, ndipo woimba ng'oma yaikulu tsopano ndinali ine.

"Mata. Menya. Ayi, onjezera."

"Amalume," ndinatero, "ndinachotsa ndine."

"Ndikudziwa. Kanikiza pakatipo."

Lero ndine nkhalamba, ndimaimba ng'oma za bandi kutchalitchi kwathu. Anyamata akamakangana kuti ng'oma zoonekera mkati zimaposa zokutidwa ndi pulasitiki woyera, sindiwaletsa. Ndimangowafunsa kuti akuimbira ndani, chifukwa zonse n'zabwino pamalo pake, ndipo woimba sasankha zomukomera yekha. Phunziro limenelo ndinalimva msanga. Lina ndi limene linanditengera zaka. Ndinkaganiza kuti amalume anavomera mlandu uja chifukwa cha mantha, kuti zithe msanga. Ndinamvetsa nditabereka wanga mwana, tsiku limene ndinagwira kadzanja kake. Amalume ankawadziwa anyamata aja, ndipo ankadziwa kuti tsiku limenelo pali dzanja limene lithyoke. Anayang'ana langa, n'kupereka lawo.