Ndinakwirira mapointi 13 a mng'ono wanga

Inu owerenga, ine ndine munthu wamanyazi, ndipo kwathu ankanditama nazo. Ankati mwana uyu ndi waulemu, sayang'ana munthu m'maso. Lero ndikuvomera pamaso panu kuti manyazi omwewo ndi amene ndinaphera tsogolo la mng'ono wanga wa bere limodzi. Sindinamumenye, sindinamulodze. Ndinangolephera kutsegula pakamwa n'kufunsa funso limodzi.

Ndimakhala ku Chikanda kuno ku Zomba. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, chifukwa bambo atamwalira panafunika wina wothandiza mayi kumunda. Ndinakwatiwa ndili wamng'ono ndi mwamuna wa Folomu 4, kalaliki pa sitolo ina ya zipangizo zomangira nyumba m'tauni, ndipo tinabereka mwana wamwamuna dzina lake Yamikani. Ntchito yanga ndi nkhuni. Ndimalawirira kuphiri, n'kutsika ndi mtolo pamutu dzuwa litakwera, kenako n'kumagulitsa timilu pakhomo.

Amuna angawo anali ndi nyimbo yawo imodzi, yoti mayeso a Folomu 4 anakhoza ndi mapointi 44. Pa chinkhoswe anaiimba, kwa amalume anga anaiimba, tikakangana m'nyumba ankaiimbanso kuti ndidziwe malo anga. Ine ndinkanyadira. Ndinkauza amayi anzanga kuphiri kuti kwathu kuli mutu, ndipo iwo ankagwedeza mitu poti ambirife sukulu tinangoinunkhiza. Pano ndikakumbuka ndimaona kuti bamboyo ankasankha poimbira. Pakhomo pakafika ana a ku koleji amene amachita lendi pafupi nafe, nyimboyo inkazima. Nthawi imeneyo ndinkati ndi kudzichepetsa.

Mng'ono wanga Felesiya anabwera kudzakhala nafe atasankhidwa kupita ku sekondale ina yoyendera m'tauni muno. Anakhala nafe zaka zinayi. Akaweruka ankanditengera mwana, n'kukhala naye pakhonde, buku kudzanja limodzi, phala kudzanja lina. Ndikamuona choncho mtima unkakhala pansi. Ndinkati zimene zinandilaka ine achite iyeyu, m'banja mwathu mutulukeko mmodzi.

Mayeso a Folomu 4 atayamba, sabata yachiwiri anadwala malungo. Mapepala ena analemba akunjenjemera, atafunda chitenje changa pamwamba pa yunifolomu. Atangomaliza, kunabwera uthenga woti mayi afa ziwalo mbali imodzi kumudzi kwathu, kupitirira Jali. Ine ndinali ndi mwana wamng'ono ndi banja, choncho amene anapita kukawadwazika ndi Felesiya. Ponyamuka anandigwira dzanja pa siteji.

"Achemwali, zikatuluka mukandionere. Ine ndikuopa, malungo aja anandisokoneza mutu."

Ndinamulonjeza.

Miyezi yodikira inali yaitali. Kumudziko kunatulukira bambo wina wogulitsa nsomba ku Kachulu, kunyanja ya Chilwa, wamkulu ndithu, mkazi wake woyamba anamwalira. Anafika kwa amalume kudzafunsira Felesiya. Mwanayo anakana, anati akudikira mayeso. Amalume anagamula kuti tidikiredi: akakhoza apitirize sukulu, akalephera palibe chokhalira pakhomo, akwatiwe. Tonse tinamva chigamulocho, ndipo amuna anga anachimvanso. Moyo wonse wa mng'ono wanga unatsamira pa uthenga umene ine ndikanatumiza.

Tsiku lina nthawi ya dzinja wailesi inalengeza kuti zotsatira zatuluka ndipo zili m'sukulu. M'mawa mwake ndinabereka Yamikani n'kupita. Ndinapeza anyamata ndi atsikana ataunjikana pa bolodi, akukankhana, akuyankhula Chingerezi, ena akulira, ena akudumpha. Ine ndi patapata wanga wodzaza matope, zovala zikununkha utsi, ndinaima patali mpaka anthu atachepa. Kuwerenga dzina ndimatha. Ndinatsetsereka ndi chala pa mndandanda mpaka ndinalipeza. Kutsogolo kwa dzinalo kunali manambala, ndipo ndinawakopera kuseri kwa khadi la kusikelo la mwana: 1, 2, 2, 2, 3, 3, 4. Kumapeto kwa mzere kunali 13.

Mtima unagwa. Kusukulu kwathu, m'zaka zinayi zimene ndinaphunzira, wopeza 2 kapena 3 ankakwapulidwa pamaso pa kalasi. Ndili chiimire choncho, mayi wina wovala magalasi, amene ndikuganiza kuti anali mphunzitsi, anandiyandikira n'kundifunsa ngati ndikufuna thandizo. Inu owerenga, mwayi unali pomwepo, unandipeza wokha. Ine ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ayi zikomo, ndaona kale. Ndinaopa kuti ndikafunsa adziwa kuti sindinaphunzire. Ndinaopanso kuti adziwa kuti ndine m'bale wa mwana wopeza 1. Ndinatembenuka n'kumapita. Mumtima ndinati kunyumba kuli munthu wodziwa.

Amuna anga atabwera kudzadya masana ndinawapatsa khadilo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinati akumva chisoni. Kenako anandifunsa kuti iwo anapeza angati. Ndinati 44.

"Nanga 13 ndi 44 wamkulu ndani? Ngakhale iwe wa Sitandade 4 ukhoza kuona wekha."

Ndinalira. Iwo anandigwira paphewa, anati malungo ndi oipa. Kenako anandilangiza kuti tisamuchititse manyazi mwanayo pomutumizira manambala onyozeka otere, poti kumudzi kalata imawerengedwa ndi aliyense. Anati ndi bwino tingolemba kuti dzina lake silinatuluke. Apa ndiye pali tchimo langa lenileni, ndipo sindikufuna kulibisa kuseri kwa mwamuna. Dzinalo ndinaliona ndi maso anga, ndinaligwira ndi chala changa. Koma ndinavomera. Iwo analemba, ine ndinapinda kalatayo n'kukapereka kwa mayi wina wa kwathu amene amabwera kudzagulitsa mpunga mumsika. Kumudzi sindinapiteko, ndinaopa kuona nkhope ya Felesiya.

Mwanayo sanakayike. Ankayembekezera kale zoipa chifukwa cha malungo aja, ndipo uthenga unachokera kwa mkulu wake. Chimanga chisanakololedwe anali atalowa m'banja ku Kachulu. Pa ukwatiwo amuna anga anapatsidwa mpando wa kutsogolo, anadya nkhuku, anayankhula mawu olangiza kuti sukulu si ya aliyense. Ine ndinaluluta. Ndikakumbuka nthungululu imene ija ndimafuna kudzilavulira.

Patapita miyezi, wailesi inawerenga mayina a osankhidwa kupita ku yunivesite. Chikanda yense anali phokoso. Ine ndinkathyola nkhuni pakhomo, osadziwa kuti ena mwa otchulidwawo anaposedwa ndi mng'ono wanga.

Choonadi chinandipeza nyengo yotentha, phiri likufuka utsi wa moto wolusa. Kunafika mtsikana wina dzina lake Tiyamike, amene ankaphunzira kalasi imodzi ndi Felesiya ndipo ankabwera kudzawerenga naye pakhonde. Mayeso atatha anabwerera kwa makolo ake ku Liwonde. Tsopano anali atasankhidwa ku koleji ya pafupi nafeyi, ndipo ankayendayenda kufuna chipinda cha lendi. Atandiona anathamanga kudzandikumbatira, n'kufunsa kuti Felesiya anamutumiza koleji iti, poti kuno sakumuona. Ndinamuuza motsitsa mawu kuti mnzakeyo sizinayende, anakwatiwa. Mtsikanayo anaseka, ankayesa nthabwala. Ataona kuti sindikuseka, anakhala pansi pa mtolo wa nkhuni.

Anandiuza kuti iye anapeza 17, ndipo Felesiya anaposa atsikana onse pasukulupo. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga khadi lija. Iye anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana. Pa mayeso amenewa 1 ndiye pamwamba penipeni, 9 ndiye kulephera. Amatenga maphunziro asanu ndi limodzi amene mwana wachita bwino n'kuphatikiza manambala ake, ndipo amene mapointi ake achepa ndiye katswiri. Anatinso wofuna ku yunivesite ankayenera kulembetsa n'kukalemba mayeso ena olowera, ndipo za chaka chimenecho zinali zitatha kale. Zonsezi anazinena m'nthawi yosakwana kuwiritsa madzi a tiyi. Ndi zomwezi akanandiuza mayi wa magalasi uja.

Ndinamufunsa kuti nanga munthu wa 44 ndi wotani.

"Ameneyo anadutsa chokwawa, achemwali. Bwanji, ndani?"

Ndinatenga khadi lija n'kulowa nalo m'nyumba.

Madzulo amuna anga anandipeza nditakhala pakhomo, moto osakoleza. Ine amene sindinawakwezerepo mawu chilowereni m'banja, tsiku limenelo ndinawafunsa maso ndi maso ngati ankadziwa tanthauzo la 13. Ndinkayembekezera kuti akana, kapena agwada. Anavula nsapato, n'kuyamba kuzipukuta fumbi.

"Ndiye umafuna ndinene chiyani? Mwana wodya kwanga adzandiyankhule Chingerezi m'nyumba mwanga? Komanso usandiyang'ane choncho, kalata ija tinalemba tonse."

Atatero anafunsa ngati madzi osamba atentha. Inu owerenga, taganizani. Munthu wamkulu, wovala tayi, wokhala kutsogolo kutchalitchi, anataya mwana wa eni kuti bodza lake la mapointi lisaululike. Ndipo chimene chinandinyansa kwambiri n'chakuti mawu ake omaliza aja anali oona.

Patapita masiku awiri ndinakwera galimoto ya matola kupita ku Kachulu. Ndinamupeza Felesiya akutembenuza matemba pa thandala, ntchentche zili ng'waa, mimba itaonekera kale. Anandilandira mosangalala, anandilandira mwana kumsana. Tinakhala pamthunzi ndipo ndinamuuza zonse, osasiyako. Sanalire. Anapempha khadilo. Anayendetsa chala chonunkha nsomba pa manambala aja, milomo ikuyenda, kuchokera pa 1 mpaka pa 13, n'kubwereranso. Anati za 44 ankazidziwa kuyambira ali Folomu 1, koma sakanachotsa ulemu alamu ake pamene ankagona m'nyumba mwawo. Kenako anandiyang'ana.

"Kusadziwa manambala sindikukuimbani nako mlandu. Koma dzina langa munaliona?"

Ndinati ndinaliona.

"N'kulola alembe kuti palibe?"

Kalatayo ikanangonyamula manambala aja momwe analili, iye akanawerenga yekha n'kudumpha ngati anzake pa bolodi paja.

Tinayesa kukonza. Tiyamike anati chaka chotsatira mwayi wolembetsa unalipobe. Ndinapita kwa amalume, iwo anati madzi akatayika saoleka, ndipo sangapasule banja la munthu amene amawatumizira nsomba ndi mankhwala a mayi. Mwamuna wa Felesiya anati iye anakwatira mkazi, sanakwatire mwana wa sukulu, ndipo mkazi wake sangakagone ku hositelo pakati pa anyamata. Palibe amene anawadzudzula amuna anga. Pa maliro a mayi chaka chotsatira anawapatsanso mpando.

Papita zaka zitatu. Felesiya ali ndi ana awiri, akuyanikabe matemba. Tiyamike amadutsa pakhomo panga ndi mabuku, amandipatsa moni, ine ndimayang'ana kumbali. Banja lija ndikadalimo, poti ana ndi awiri tsopano ndipo kobwerera kulibe. Ndimaphika, ndimachapa, koma mbale imodzi sitidyeranso. Ndikapita ku Kachulu mng'ono wanga amandiyalira mkeka, amandimangira nsomba ponyamuka, sananditukwanepo. Koma chichokereni tsiku lija sananditchulenso kuti achemwali. Amati mayi a Yamikani, monga amanenera anthu apadera.

Amayi anzanga amene sukulu sitinapite nayo patali, mverani ine. Mwana akakutumani kukamuonera zotsatira, musatanthauzire nokha, ndipo musadalire pakamwa pa munthu mmodzi, ngakhale amene mumagona naye chipinda chimodzi. Wophunzira naye amanama, ndipo amanama bwino kuposa ife. Funsani mphunzitsi pomwepo pa bolodi. Mukopere zonse momwe zalembedwera, mukapereke m'manja mwa mwini wake, zikhale zabwino kapena zoipa. Musamubisire poganiza kuti mukumumvera chisoni, mayesowo ndi ake. Ngati mukuopa kuti akusekani chifukwa cha funso lanu, alekeni aseke. Akanandiseka ine tsiku lija, pofika madzulo akanaiwala. Mng'ono wanga sadzaiwala.