Masamba Awiri Opanda Mawu

Ntchito yanga inali yotayipa, pa khoti lina laling'ono kwathu ku Ntcheu, matipate atangolowa kumene. Bwana wathu, a majisitireti, ankalemba pamanja chilichonse choyankhulidwa pa mlandu, ine n'kumatayipa. Zolemba zawo zinali zoipa chibadwire, ndipo wotha kuziwerenga ndinali ine ndekha. Ndinkanyada nazo, sindibisa.

Atadwala matenda ofa ziwalo anabwerera akuyenda bwinobwino, koma dzanja linasintha. Tsamba linkayamba ndi mawu, pakati n'kusanduka mizere yokhotakhota ngati podutsa nyongolotsi. Iwo ankatembenuza tsamba ali phee. Ndinachita mantha, koma sindinauze munthu. Ndikanayambira pati? Anali mkulu wa mpingo wathu, ndipo bambo awo anakumba mgodi umodzi ndi agogo anga ku Joni. Ndiye ndinkafunsa womasulira zimene mboni zanena, n'kumadzaza ndekha m'mipatamo. Uchitsiru wanga ndinkautcha ulemu.

Kenako mlimi wina wa ku Lizulu, amene anamangidwa pomuganizira kuti anawotcha nkhokwe ya mnzake, anachita apilo ali kundende. Ankati mboni yake inanena kuti tsikulo anali kumsika kugulitsa kachewere, koma khoti silinamve. Potayipa mlanduwo, womasulira anali ataiwala zimene mboniyo inanena, ine n'kulemba zongoganiza.

Lachiwiri lina kunafika galimoto yoyera ndi anthu atatu ochokera ku bungwe loyang'anira oweruza. Tiyi anakana. Anandiitanira mu ofesi ya bwana, eni ake ali pomwepo atavala jekete lawo la ku tchalitchi. Mayi amene ankatsogolera anayala patebulo zotayipa zanga za mlandu wa mlimi uja, pambali pake masamba awiri a pamanja, n'kundiuza kuti ndiwerenge a pamanjawo mokweza.

Ndikanatha kunama, pakuti palibe akananditsutsa, koma mlimi uja akanakhalabe kundende.

“Palibe mawu apa,” ndinatero.

Bwana anatenga tsamba limodzi, n'kuliyandikitsa kumaso nthawi yaitali. Apo m'pamene ndinazindikira kuti iwo sankadziwa. Alendowo sanawayang'ane n'komwe, anayang'ana ine.

“Mwana wanga, zinayamba liti?” bwana anandifunsa.

Ndinawauza kuti dzinja la chaka chatha.

“Ndiye chiyambire dzinjalo, ndatumiza anthu angati kundende?”

Mayi uja anali atayamba kale kutsitsa mafayilo pa shelefu.