Katchire ka Pakati pa Munda wa Thonje

Ndikawakumbukira agogo anga aamuna, a Makwinja, chimayamba kubwera si nkhope yawo ayi, koma fungo la dizilo. Linali m'manja mwawo, m'chipewa, ngakhale m'jekete la ku tchalitchi, moti akakubenthulira chinangwa chowotcha unkadya chinangwa cha dizilo n'kuthokoza. Anali mkamwini wochokera ku Ngokwe, anadzakwatira kwathu kwa Nsamala, ndipo atatha zaka zambiri akulimira azungu ku Halale, anabwerako ndi kathirakitala kawokawo: kofiira, kotopa, kotsokomola utsi wakuda m'mawa uliwonse ngati nkhalamba yosuta chingambwe. M'mudzi monse kanali kokhako. Ankakapukuta ndi chikondi chimene ife zidzukulu sitinachionepo pa mphuno zathu za mamina.

Munda unali wa agogo aakazi, aNasibeko, monga mwa chikhalidwe chathu. Pakati pake, cha kumunsi koyandikira dambo, panali katchire kakang'ono kokhala ndi kachulu, udzu wautali ndi tizitsamba taminga. Makasu onse a m'mudzimo ankakalambalala kuyambira kalekale, ndipo palibe amene ankafunsa chifukwa chake. Koma khasu limakhota mosavuta, thirakitala ayi. A Makwinja akafika pamenepo ankayenera kukweza pulawo, kubwerera m'mbuyo, kuzungulira, uku akung'ung'udza za dizilo wopsa pachabe. Alangizi a zaulimi nawo anawonjezera moto. Anati katchireko kamasunga mbozi za thonje, ndipo munthu wa munda wa chigamba chotero sangalembedwe kukhala mchikumbe, mlimi wachitsanzo. Dzina la uchikumbe agogo ankalifuna kuposa chakudya.

“Mayi, katchire kaja ndikagwetse chaka chino,” ankatero kwa agogo aakazi chilimwe chilichonse.

“Iyayi, kasiyeni.”

“Chifukwa chiyani?”

“Kasiyeni basi.”

Nkhani inkathera pomwepo, wina akusenda nandolo, wina akumenya sipanala pa tayala.

Chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, mvula itatsala pang'ono kugwa, kunabwera uthenga woti amayi onse apite ku Balaka kukayeserera magule, poti kunali kubwera akuluakulu. Masiku amenewo ukaitanidwa ku gule sunkati ndili ndi chochita. Lole inafika m'mamawa, ndipo agogo aakazi asanakwere anandikokera kuseri kwa nkhokwe.

“Esnati, agogo ako lero akulima. Ukaona akulowera ku katchire kaja, uthamange ukawaletse.”

“Ndikanene kuti chiyani?”

“Ukangoti agogo aakazi akana. Wamva?”

Ndinamva. Zoti sindinamve sindinganame.

Ndinawatengera a Makwinja thobwa kumunda dzuwa litakwera. Kathirakitala kanali kakubangula, zimbale za pulawo zikutembenuza dothi lakuda louma, fumbi likukwera, akakowa akutsatira m'mbuyo kutola mphutsi. Atamwa thobwa anandiyang'ana, nayang'ana katchire, nayang'ananso njira yopanda munthu.

“Unakwerapo thirakitala iwe?”

Palibe mdzukulu amene anakwerapo. Ngakhale kukhudza chiwongolero kunali kufuna khofi. Anandinyamula n'kundikhazika pa chitsulo cha pamwamba pa tayala, nati ndigwire phewa lawo. Injini inkandinjenjemeretsa mpaka mano, mphepo yotentha ikundimenya kumaso, mudzi wonse ndikuuonera pamwamba. Ndinaona bwinobwino kuti talunjika ku katchire. Mawu a agogo aakazi anali pakamwa pomwe. Koma ndinadziwa kuti ndikangowatchula anditsitsa, ndipo ndinatseka pakamwa.

Mzere woyamba unadula minga. Wachiwiri unagumula kachulu. Pa mzere wachitatu ndinacheuka kuti ndione akakowa, ndipo ndinaona mapale a miphika atamwazika pa dothi, ndi nsalu itakoledwa pa chimbale cha pulawo, ikukokedwa. Inali itawola mbali imodzi, koma maluwa ake achikasu ndinawazindikira. Chinali chitenje cha mayi anga. Chaka chathacho mayi anali oyembekezera, kenako tsiku lina mimba inatha, mwana osaoneka, chitenjecho osaonekanso. Ine anangondiuza kuti ana safunsa.

“Agogo, chitenje cha amayi,” ndinatero.

Anazimitsa injini. Bata limene linagwa pamenepo sindinalimvenso kwina kulikonse. Anatsika, nagwada, nafunyulula nsaluyo pang'ono ndi zala zawo zamafuta, ndipo nthawi yomweyo anaifunyanso. Anavula jekete n'kufunditsa pamenepo. Kenako anakhala pansi pa dothi lotentha mpaka dzuwa kupendeka.

Ndinadzazimvetsa nditakula. Mwana wobadwa wakufa, nthayo, kwathu ankaikidwa ndi amayi okhaokha. Panalibe maliro, panalibe kulira, ndipo dzenje lake linkakhala losaya, poti ankati ukakumba lakuya mayi wake sadzaberekanso. Pamwamba ankavundikira phale. Amuna sankauzidwa malowo. Khasu silinkafika kumeneko chifukwa amayi ndiwo ankatsogolera polima, koma pulawo ya agogo inkalowa pansi kuposa dzenje lililonse la nthayo.

Lole inabwerera madzulo, amayi akuimbabe nyimbo zimene anaphunzira, mawu atasasa. Nyimbo inaduka atangoona kathirakitala kali pakati pa katchire. Anatsikira kumunda onse atavala nsalu zawo za gule zofanana, mayi anga ali pakati. Mayi anaona jekete lija, naona kansonga ka chitenje kakutuluka pansi pake. Sanalire, poti nthayo saililira. Anangoluma mkono wawo mpaka magazi.

A Makwinja anaimirira, chipewa chili m'manja.

“Mayi, bwanji simunandiuze?”

“Zimenezi amuna sauzidwa,” anayankha aNasibeko.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikufunsa.”

“Ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikukuyankhani.” Anayang'ana mizere itatu ija kwa kanthawi. “Ana anu awiri alinso momwemo. Wina munali ku Halale, wina munali pakhomo pompano. Chokani tsopano, tigwire ntchito yathu.”

Agogo anachoka wapansi, kathirakitala n'kukasiya pomwepo. Ine anandithamangitsanso, koma ndili pa msewu ndinaona amayi atagwada m'mizere, akupapasa dothi ndi manja.

Chaka chimenecho munda tinaumaliza ndi makasu. Chaka chotsatira agogo analizanso injini, poti thonje silidikira chisoni cha munthu, koma akayandikira pamalopo ankakweza pulawo akadali kutali, navula chipewa, n'kuzungulira pang'onopang'ono. Katchire kanameranso, kanakula kuposa kale. Alangizi atabwera kudzadandaula za mbozi, agogo anangoti, “Kasiyeni basi.” Uchikumbe sanaupeze mpaka imfa yawo, ndipo sanakwezenso mwana aliyense pa thirakitala.

Agogo aakazi sanandifunse kanthu. Ndinadikira kukwapulidwa sabata yonse, ndikanakondwa akanandikwapula, koma ankangondipatsa chakudya monga mwa masiku onse. A Makwinja anamwalira osadziwa kuti tsiku lija ndinali nditatumidwa. Ankayesa kuti tchimolo linali lawo okha, ndipo ine ndinawasiya alisenze. Zimenezi zimandipweteka mpaka lero, makamaka basi ikandipumira utsi wa dizilo pa siteji.

Mwana wanga wachiwiri anabadwa wakufa. Amayi achikulire anachita zonse monga mwa mwambo, nandilangiza kuti bambo wake asadziwe malowo. Ndinavomera mwaulemu. Nditangopeza mphamvu zoyenda, ndinawagwira dzanja amuna anga, ndinapita nawo kumunsi kwa dambo, n'kuwalozera phale lovundikira mwana wathu.

“Ali apa,” ndinawauza. “Mukamalima muzidziwa.”