Mizere Isanu Yofunira Boti la Achimwene

Ndikukumbukira m'mawa umene mwera unameza boti la achimwene anga a Barinaba. Ndinali Fomu 3, ndipo tsikulo amayi anandituma kukavuula chinangwa chimene tinaviika m'madzi kwathu ku Mbungo, pachilumba. Nditaweramuka, manja akununkha chinangwa chovunda, ndinaona botilo patali likubwerera kuchokera kokoka ukonde wa chilimira. Linakwera funde, n'kutsika, n'kukweranso. Kenako pamene panali boti panangotsala thovu.

Ena a m'botimo anakangamira zigubu mpaka anzawo a m'mabwato anawatola. Awiri sanapezeke: achimwene, ndi Filipe, mnyamata wa ku Kobwe, kutsidya kwa nyanja, amene ankagwira nawo ntchito. Opulumukawo anati ukonde unawakulunga onse awiri, ndipo injini inakokera boti pansi. Malo enieni sanawadziwe, chifukwa mafunde anawataya kutali.

Mphepo itatsika, asodzi anayamba kukhwekhwereza nangula pansi pa nyanja ndi zingwe zolumikizalumikiza, kuti mwina akole ukondewo. Koma akhwekhwereze pati? Amene tinaona boti likumira tinalipo asanu: ine, mayi wina wa ku Yofu amene ankayanika usipa, mkulu wina woweta mbuzi paphiri, msodzi wa kwathu, ndi wamalonda wa ku Kobwe amene anabisa boti lake la nkhuni kuseri kwa thanthwe pothawa mphepo. Aliyense ankaloza kwake, ndipo aliyense ankalumbira. Masiku anapita, petulo akungothera pamadzi. Amayi ankakhala pamchenga kuyambira m'mawa, osadya kanthu. Amayi a Mvano atafuna kuyamba nyimbo za maliro, iwo anawaletsa.

"Musaimbe. Sindilira ndisanamuone mwana wanga."

Kenako kunabwera a Chipeta, aphunzitsi athu a masamu, munthu wamfupi amene thalauza lake silinkatha fumbi la choko. Ananyamula kampasi ndi mapu a chilumba. Ananditenga, tinayenda wapansi kwa mboni iliyonse. Ankaimika munthu pomwe anaima tsiku lija, n'kumuuza kuti atambasule mkono, iwo n'kuwerenga kampasi. Mkulu wa mbuzi uja analoza katatu, mosiyana katatu konse, n'kudandaula kuti kampasiyo ndi imene ikugwedezeka.

Tinakajambula zonse pabolodi kusukulu, amalume anga a Sitefano ndi asodzi ena atadzipanikiza m'madesiki athu. Ine ndinkayembekeza kuti mizere isanuyo ikumana pamalo amodzi. Sinakumane. Inadutsana apa ndi apo, n'kusiya pakati dera lalikulu kuposa mudzi wathu.

"Fufutani wa munthu wa kutsidyayo," anatero amalume. "Sadziwa nyanja ya kuno."

"Ndikafufuta wake, ndifufutenso wa mwanayu?" anayankha a Chipeta akundiloza. "Nayenso ankayang'ana mtima uli m'mwamba. Palibe wanama, bambo. Aliyense waphonya pang'ono."

Anatifotokozera kuti zosadziwika zinali ziwiri zokha: mtunda wopita kumpoto ndi mtunda wopita kuvuma. Koma maikwezhoni anali asanu, munthu aliyense yake. Zikachuluka chonchi, anatero, yankho lokhutiritsa onse kulibe. Chimene munthu angachite ndi kufuna malo amene, ukachulukitsa kuphonya kwa mzere uliwonse ndi iko komwe n'kuphatikiza zonse, chiwerengero chake chikhale chochepetsetsa.

M'kalasi tinkangodziwa matirikisi aang'ono, timabokosi ta manambala ta mizere iwiri. Tsiku limenelo analemba lalitali, la mizere isanu. Kenako analigoneka cham'mbali, mizere yopingasa n'kukhala yotsika, nati tichulukitse mbali zonse ziwiri ndi logonekalo. Anandipatsa choko.

"Gwira iwe. Dzanja likamagwira ntchito, mutu umapumako."

Choko chinathyoka kawiri m'zala zanga. Fungo la nsomba la m'malaya a asodzi linadzaza kalasi. Nditamaliza, maikwezhoni asanu aja anali atasanduka awiri, ofanana ndi amene tinkalemba pamayeso. Ndinapeza manambala awiri. A Chipeta anaika kadontho pamapu, ndipo kadonthoko sikanagwere pamzere wa munthu aliyense, ngakhale wanga. Zinandipweteka, chifukwa ndinkakhulupirira maso anga.

M'mawa mwake a Chipeta anakwera boti pamodzi ndi asodzi, atagwira kampasi ndi dzanja limodzi, linalo atakangamira thabwa, poti sankadziwa kusambira. Ine ndinakhala kutsogolo. Pa kadontho penipeni nangula sanakole kanthu. Tinazungulira, tikukulitsa bwalo pang'onopang'ono, mpaka dzuwa litafika pamutu chingwe chinakungika. Amuna anakoka mpaka zikhatho zinasupuka. Boti silinasunthe pansipo, koma ukonde unang'ambika n'kukwera, wolemera, wodzaza nsomba zowola. Mkati mwake munali munthu mmodzi. Amalume ananditembenuza nkhope, koma ndinali nditaona kale malaya. Anali a Filipe.

Tinabwererako kangapo mpaka zingwe zinaduka. Achimwene sanatuluke.

Amayi ake a Filipe anali atawoloka kale, akugona kwathu. Mtembo utafika kumtunda, amayi anga anadzuka pamchenga paja, anavula chitenje chawo chapamwamba n'kumufunditsa mnyamatayo. Anaperekeza mnzawoyo mpaka m'madzi ofika m'mawondo, boti la maliro likunyamuka. Atabwerera m'pamene anauza amayi a Mvano kuti tsopano aimbe.

Lero ndimagwira ntchito yoyeza malo kumtunda, ndipo masamu omwewa kompyuta imandichitira ndisanaphethire. Asodzi ambiri kwathu ali ndi mafoni, ndipo boti likachedwa anthu amaimba m'malo mokwera paphiri. Mwera wokha ndiwo sunasinthe. Chaka chatha ndinawolokera ku Kobwe, ndipo mlongo wake wa Filipe anandilondolera kumanda ake, osesedwa bwino, pansi pa mtengo wa mango. Ndinagwada n'kupempherera onse awiri pamenepo, chifukwa achimwene alibe pena pomwe ndingagwade.