Tirigu wa pa Manda Opanda Dzina

Amayi oyandikana nafe nyumba kuno ku chilumba cha Lesvos ndi aukali, sapatsa munthu moni kawiri. Koma nyanja ikalavula mtembo wa munthu wothawa kwawo, iwo amaphika tirigu wa chikumbutso, wothira shuga ndi mphesa zouma, monga timachitira akamwalira wathu. Amapita naye kumanda n'kumagawira aliyense wodutsa.

Mwezi watha kunabwera nthumwi za mayiko kudzaika nkhata pa kamanda ka mwana wosadziwika dzina. Zinawapeza amayiwo atagwada, akuzula udzu.

"Pepani mayi," anatero bambo wina wa suti, "anali mdzukulu wanu?"

"Si inu mumakhalira misonkhano kukambirana kuti anthuwa ndi a yani? Mwagwirizana?"

Bamboyo anangoyang'ana nsapato zake.

"Ndiye akadali wanga. Tasunthani, mwamuponda kumutu."