Tonde wa a Gondwe

Ndinawerenga m'kabuku ka zaulimi kuti tonde wabwino amakhala wamkulu thupi. Nditapita kukabwereka kwa a Gondwe, aneba athu kuno ku Katowo, ndinapeza ali ku Boma, ndiye ndinasankha ndekha mbuzi yonenepa kwambiri m'khola. Inakhala kwathu ndi mbuzi yathu yaikazi, imodzi yokhayo, koma ntchito yake kudya basi.

Pobweza m'pamene ndinaona kuti ndi yofula. Akazi anga, a NyaMhango, sindinawauze mpaka lero. M'mawa uliwonse amaisisita yathuyo pamimba, amvekere ikaswa ndiye kuti Tiwonge wathu sukulu sasiya. Ine ndimangoti, "Ikuoneka ndithu."

Dzulo a Gondwe anandiimitsa pamsewu. "Adada, yewo chomene pondinenepetsera mbuzi. Koma m'buku lanulo sanalembe kuti muziyamba mwasuzumira kunsi?"